Voti ya ku Vila ndi voti ya kumudzi: tikambirane, ana a ku Angonia

Aphunzitsi opuma, Ulongwe:
Mwaswera bwanji nonse, akulu ndi achinyamata. Ndili ndi funso limene landikhala pamtima. Chikhalireni Ulongwe munisipiyo, taponya voti yosankha otsogolera tawuni yathu kanayi, mu 2008, 2013, 2018 ndi 2023, ndipo ulendo uliwonse Frelimo, chipani cholamula Mozambique, ndiyo yatenga. Koma ingotulukani m'Vila muno mulowe msewu wa ku Domwe kapena wa ku Tsangano, mupeza midzi imene kwa zaka zambiri mavoti ake ankathira kwa Dhlakama, amene ankatsogolera chipani chotsutsa cha Renamo. Ndi anthu amodzi, timakwatirana, timalira maliro limodzi, timagula pa msika umodzi. Nanga chimatisiyanitsa tikalowa m'kachipinda koponyera voti n'chiyani? Tiyankhane mwaulemu, chonde.

Mayi a mbatatesi pa msika:
Zikomo aphunzitsi. Ine ndiyankha mwachidule: m'Vila muno anthu ambiri amadya za boma. Mphunzitsi, namwino, wapolisi, wa mu ofesi, ndi onse amene amadyera kwa iwowo. Ife a pa msika nafenso malo athu ogulitsira ali m'manja mwa munisipiyo. Munthu amaganiza kawiri.

Mnyamata wa kabaza:
Amayi anena zoona. Koma voti ndi yachinsinsi, palibe amakuona.

Mayi a mbatatesi pa msika:
Mwana wanga, pepala ndi lachinsinsi, koma meza si yachinsinsi. Zotsatira za meza iliyonse amazimata pakhomo pa kalasi. Bairro yonse imadziwika kuti yapendekera kuti.

Agogo a ku Domwe:
Ndikulemberedwa ndi mdzukulu wanga, maso anga safika pa foni. Aphunzitsi, inu mudali wamng'ono koma mukukumbukira. Nkhani ya kumudzi idayamba kale voti isanabwere. Titalandira ufulu mu 1975 tidavina, tidasangalala ndi mtima wonse. Pasanapite nthawi tidauzidwa kuti mafumu athu ndi anthu a atsamunda, asaweruzenso milandu, m'malo mwawo mukhale asekeretale a chipani. Munthu amene makolo ake adatsogolera mudzi kuyambira kale adasanduka munthu wamba, mwana wamng'ono n'kumamuloza chala pa msonkhano. Zachipembedzo zidapanikizidwa, masukulu a mishoni adatengedwa ndi boma. Minda yabwino yambiri idapita ku kampani ya boma ija ya CAIA. Kenako adati tisiye mabwinja a makolo tikakhale m'midzi ya pamodzi, kutali ndi madimba athu. Mtima wa mlimi udasweka pamenepo.

Nkhondo itafika kuno sitidasankhe mbali, idatipeza tili m'munda. Usiku abwera awa kufuna ufa, masana abwera awo kufunsa kuti ufa mwapatsa ndani. Ine ndidawoloka ndi ana anayi ndi mbuzi ziwiri kupita ku Dedza. Mbuzi tidagulitsa tsiku lachiwiri. Tidakhala kumeneko tikudya nandolo ndi mgaiwa wa chithandizo mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pobwerera tidapeza m'nyumba mwathu mwamera mitengo. Ndiye mu 1994 atatipatsa pepala kuti sankhani, ambiri a ife tidaponya pa nkhwali, chizindikiro cha Renamo. Sikuti tidaiwala zimene anyamata a Renamo adachita, ayi, adatipha nawonso, adatenga ana athu. Koma iwo ndi amene ankati mfumu ibwerere pa mpando wake, tchalitchi chitsegulidwe. Munthu wakumudzi adamva zimenezo.

Aphunzitsi opuma, Ulongwe:
Zikomo kwambiri agogo, mwatifotokozera bwino. Kwa achinyamata amene simudaone: mu 1994 Chissano wa Frelimo adapambana dziko lonse, koma m'chigawo chathu cha Tete Renamo ndiyo idatsogola, monganso ku Sofala, Manica, Zambézia ndi Nampula. Mu 1999 mpikisano udali wothina kwambiri, Chissano adapeza pafupifupi 52 pa 100 aliwonse, Dhlakama pafupifupi 48. Chaka chotsatira, mu 2000, boma lidatulutsa lamulo lozindikiranso mafumu, n'kuyamba kuwapatsa yunifolomu, mbendera ndi kangachepe. Zinthu ziwirizi musazione ngati zidangokumana pa njira.

Bambo a ku bairro ya kumtunda:
Aphunzitsi ndi agogo, ndakumvani ndipo sindikutsutsa mbiri. Koma ndisabise, ine ndine wa Frelimo, khadi ndili nalo, ndipo palibe adandikakamiza. Zikundiwawa kumva ngati aliyense woponya pa ng'oma ndi chimanga, chizindikiro cha Frelimo, amachita chifukwa cha mantha kapena mimba. Bambo anga adagwira chibalo nthawi ya Apwitikizi. Mwana wa munthu wakuda kufika kalasi yachinayi chidali chinthu chachikulu. Lero mwana wanga wamkazi ndi namwino. M'Vila muno muli magetsi, muli banki, muli sekondale, msewu wa tara ukutifikitsa ku Tete ndi ku Kalomwe. Mu 2007 dziwe la Cahora Bassa lidabwera m'manja mwa dziko lathu. Komanso anthu a m'Vila ali ndi chikumbumtima chawo cha nkhondo. Amene adatsala m'matawuni ankagona ndi nsapato kumapazi, ndipo amene ankawotcha magalimoto pa msewu amawadziwa. Agogo akukumbukira zawo, ifenso tikukumbukira zathu.

Agogo a ku Domwe:
Mwanena bwino mwana wanga. Nkhondo idali ndi nkhope ziwiri, aliyense adaona imene idafika pakhomo pake.

Wa ku Tsangano, ali ku Moatize:
Achimwene a kumtunda, magetsi mukunenawo akuthera pati? Kwathu mayi anga akuunikirabe tochi ya foni, pamene mawaya ochokera ku Songo, kumene kuli dziwe la Cahora Bassa, akudutsa pamwamba pa tchire kupita ku South Africa. Kuno ku Moatize malasha anayamba kutuluka ndi kampani ya Vale mu 2011, mu 2022 anagulitsa kwa Vulcan, sitima zikunyamula usana ndi usiku kupita ku Nacala kudutsa m'Malawi. Anthu amene anasamutsidwira ku Cateme anachita kutseka njanji mu Januwale 2012 kuti amvedwe. Mukachapa malaya oyera kuno n'kuyanika panja, madzulo mumakatenga akuda. Chuma chonsechi chikutuluka m'chigawo chathu, koma msewu wopita kwathu nthawi ya dzinja lole yonyamula mbatatesi imagona m'matope. Mbatatesi ikaola, mlimi amadziwa amene akumukwiyira.

Bambo a ku bairro ya kumtunda:
Za msewu wa kwanu sindikana, ndi zochititsa manyazi. Pa misonkhano ya chipani timazinena. Koma kodi Renamo ikadalamula ikadaumanga?

Wa ku Tsangano, ali ku Moatize:
Sitinaipatse mpata kuti tione. Mu 2014 Dhlakama anatsogola m'chigawo cha Tete, ndipo Renamo inapeza mipando yambiri mu nyumba ya malamulo ya chigawo. Koma bwanamkubwa anasankhidwa ndi pulezidenti ku Maputo, chifukwa lamulo linali lotero. Anthu anaponya voti, anapambana, m'mawa mwake olamula anali omwewo. Mukukumbukira zimene zinatsatira. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso ku Nkondezi, anthu masauzande anathawira ku Kapise ku Mwanza. Azakhali anga anali m'gulu limenelo, anagona pansi pa lona ndi mwana wa miyezi itatu.

Mkulu wa mpingo, woyang'anira gulu:
Abale, nkhani ikuyenda bwino. Ndingokumbutsa kuti pano pasatchulidwe dzina la munthu wa m'mudzi kapena wa m'bairro kuti uyu adaponya pakuti. Za atsogoleri a dziko kambani, koma anansi anu asiyeni.

Chemwali wa ku yunivesite, Beira:
Moni makolo anga. Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti funso la aphunzitsi layankhidwa mbali ya akuluakulu. Koma kusiyana kwa Vila ndi kumudzi kumeneku ndi kwa m'badwo wanu. Ife amene tinabadwa nkhondo itatha sitinathawire ku Dedza, sitinaone mfumu ikulandidwa mpando, sitinagwire chibalo. Munthu akandiuza kuti chipani chakuti chinamasula dziko ndimalemekeza, akandiuza kuti chakuti chinabweretsa demokalase ndimalemekezanso, koma ine funso langa ndi ntchito. Anzanga amene tinamaliza nawo kalasi 12 ku Ulongwe, ena akuyendetsa kabaza, ena akusintha makwacha ndi ma metikali pa malire, ena anapita ku Joni. Amene anaphunzira uphunzitsi akudikira kulembedwa ntchito chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake mu 2024 munaona zija. Venâncio Mondlane, amene anaimira upulezidenti mothandizidwa ndi chipani cha PODEMOS, sanafunike kubwera ndi malole a zitenje. Ankalankhula pa Facebook madzulo, mnyamata wa m'Vila ndi mnyamata wa ku Domwe n'kumaonera pa foni imodzimodzi, mawu amodzimodzi. Kwa nthawi yoyamba mwana wa mphunzitsi wa Frelimo ndi mdzukulu wa agogo a Renamo anapezeka mbali imodzi. Renamo imene inali ndi aphungu 60 inatsala ndi 28, PODEMOS imene inalibe ndi mmodzi yemwe inapeza 43.

Mnyamata wa kabaza:
Asisi mwalasa. Pa siteji pathu tinalipo anyamata ambiri ndipo nkhani inali imodzi. Bambo anga mpaka lero salankhula bwino za zimenezi, amati ndinataya nkhwali ya makolo. Ndinawauza kuti nkhwali inapita ndi Dhlakama pamene anamwalira mu 2018.

Agogo a ku Domwe:
Pamenepo mwana iwe wanena chinthu. Ife tinkaponyera munthu uja, osati pepala la chipani. Akabwera kudzachititsa msonkhano anthu ankayenda pansi kuchokera kutali, ena kukwera m'mitengo kuti amuone. Amene adalowa m'malo mwake sitidamuzolowere. Anzanga ambiri a msinkhu wanga ulendo wathawu sadapite n'komwe.

Aphunzitsi opuma, Ulongwe:
Mawu a agogo omalizawa ndi amene akundiopsa kuposa zonse. Mu 1994 anthu pafupifupi 88 pa 100 aliwonse olembetsa adaponya voti. Ndikukumbukira mizere yake, amayi ndi ana kumsana, ena atanyamula mbatata yophika chifukwa ankadziwa kuti atha tsiku. Mu 2024 amene adapita sadafike ndi theka lomwe. Chipani chachikulu kuno tsopano si Frelimo, si Renamo, si cha Venâncio. Ndi cha anthu amene tsiku la voti amapita kudimba.

Mayi a mbatatesi pa msika:
Ndipo ine sindiwada. Okutobala ndi nthawi yosula makasu ndi kufunafuna feteleza. Munthu amati ndikaime pa dzuwa tsiku lonse, chala chidetsedwe ndi inki, kenako ndimve pa wailesi zotsatira zosafanana ndi zimene tinaona zitamatidwa pakhomo?

Bambo a ku bairro ya kumtunda:
Amayi, apo tisamale. Nkhani yoti mavoti amabedwa imanenedwa chisankho chilichonse, nthawi zina ndi anthu amene sadaike ngakhale nthumwi pa meza. Chipani chathu chili ndi anthu m'bairro iliyonse, m'mudzi uliwonse, amayi a OMM, achinyamata a OJM, timayenda khomo ndi khomo chaka chonse. Enawa amaoneka masiku 45 a kampeni basi. Kupambana kwina ndi kwa ntchito.

Chemwali wa ku yunivesite, Beira:
Amalume, zoti muli ndi anthu paliponse ndi zoona, ndipo otsutsa akuyenera kuphunzirapo. Koma tisatseke maso. CNE, bungwe loyendetsa zisankho, inalengeza kuti Daniel Chapo wa Frelimo wapeza mavoti opitirira 70 pa 100. Patapita miyezi iwiri, pa 23 Disembala, Conselho Constitucional, imene imatsimikiza zotsatira, inati ndi 65, Venâncio 24. Mipando ya Frelimo mu nyumba ya malamulo inatsika kuchoka pa 195 kufika pa 171. Ngati bungwe lina la boma likusintha manambala a bungwe linzake chonchi, ndiye kuti powerenga panali vuto. Oyang'anira chisankho a European Union ananenanso poyera kuti anaona zotsatira zikusinthidwa. Elvino Dias, loya wa Venâncio, ndi Paulo Guambe wa PODEMOS anaphedwa ku Maputo pa 19 Okutobala, ndipo m'zionetsero zotsatira mabungwe anawerenga anthu oposa 300 amene anafa. Ambiri anali a msinkhu wanga.

Bambo a ku bairro ya kumtunda:
Imfa zimenezo zidandipweteka inenso, mwana wanga. Palibe kholo lingasangalale nazo. Komanso masitolo a anthu osalakwa adawotchedwa, ndipo katundu adakwera mtengo mpaka kuno chifukwa misewu idatsekedwa. Tonse tidaluza.

Amene adagwirapo pa meza:
Ndakhala chete koma ndiloleni ndinene zimene ndidaona ndi maso, osatchula malo kapena chaka. Ndidagwirapo ntchito pa meza m'sukulu ina ya kumudzi. Tidatsegula 7 koloko m'mawa, tidatseka 6 koloko madzulo. Kuwerenga kumachitika pomwepo, m'kalasi momwemo. Wapampando amatulutsa pepala limodzi limodzi, kulikweza m'mwamba, kutchula dzina, wina n'kulemba kamzere pa bolodi ndi choko. Mapepala amaunjikidwa pansi, mulu uliwonse wa munthu wake. Nyali yathu idayamba kuzilala cha m'ma 10, tidapitiriza ndi matochi a mafoni. Nthumwi ya chipani china idali mnyamata amene sadadye chilichonse chiyambire m'mawa, palibe adamubweretsera ngakhale madzi. Itakwana 1 koloko usiku adati akupita kukagona, asaina mawa. Ndidamugwira dzanja ndikumuuza kuti ukachoka pano usanatenge kope la editale yosainidwa, pepala la zotsatira za meza, chipani chako chilibe umboni uliwonse. Adakhala, akusinza pa desiki ya ana, mpaka tidamata pepala pakhomo kunja kukuyera.

Pa meza yathu manambala adali oona, ndikhoza kulumbira. Zimene zimachitika mapepala akachoka pa sukulu kupita ku boma, ine sindidaone. Koma ndidaphunzira kuti voti imatetezedwa usiku, pakati pa 6 koloko madzulo ndi m'bandakucha, nthawi imene oponya onse ali m'tulo. Chipani chimene chimadyetsa nthumwi zake ndi kuzipatsa tochi chimakhala ndi mapepala m'manja. Chimene sichitero chimatsala ndi madandaulo okha.

Wa ku Tsangano, ali ku Moatize:
Zikomo achimwene, izi n'zofunika. Taonani anzathu a ku Malawi, amene wailesi zawo timamvera tsiku lililonse. Mu 2019 anadandaula, anapita ku khoti ndi mapepala a m'malo oponyera, pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho, mu Juni anaponyanso. Mu 2025 anamuchotsanso amene anamuika uja. Achibale athu a ku Ntcheu ndi ku Dedza amatifunsa pa msika wa ku Biriwiri kuti inu bwanji simusintha, ndimasowa chowayankha.

Mayi a mbatatesi pa msika:
Kusintha kwawoko kwawathandiza chiyani? Kwacha yawo ikugwa tsiku ndi tsiku, akubwera kuno kudzagula petulo m'zigubu ndi chimanga chathu.

Wa ku Tsangano, ali ku Moatize:
Zoona amayi, mavuto ali nawo. Koma wolamula kumeneko amadziwa kuti akhoza kuchotsedwa. Wathu kuno mantha amenewo alibe.

Aphunzitsi opuma, Ulongwe:
Ndibwezereni pang'ono ku tawuni yathu, poti za dziko lonse sitingazithe pano. Pali chinthu china chimene sitidachitchule. Wa m'Vila amasankha amene akuyendetsa tawuni yake, akaona zinyalala pa msika kapena ngalande yotsekeka amadziwa khomo logogoda, ndipo pakatha zaka zisanu ali ndi ndodo m'manja. Wa ku Domwe alibe zimenezo. Administradori wa boma la Angonia amachita kutumizidwa. Pangano lidalipo loti kuyambira 2024 maboma azisankha okha atsogoleri awo, koma mu 2023 aphungu adasintha malamulo a dziko, nkhaniyo idaimikidwa. Bwanamkubwa timasankha kuyambira 2019, koma pambali pake pali Secretário de Estado woikidwa ndi pulezidenti. Ndiye munthu wakumudzi voti yake yokhayo ndi ya kutali, ya ku Tete ndi ku Maputo. Mkwiyo wake wonse wa msewu, wa mlatho, wa mtengo wa fodya ndi soya amautsanulira pa pepala la pulezidenti, chifukwa alibe pena poutula.

Bambo a ku bairro ya kumtunda:
Pa ichi ndikugwirizana nanu aphunzitsi. Ine ndikadakonda administradori azisankhidwa. Tikadapambana kapena kuluza, koma akadakhala munthu wodziwa kuti mlatho wakuti ukakokoloka ana sapita ku sukulu mwezi wathunthu.

Mnyamata wa kabaza:
Nanga m'Vila momwemo, 2028 zidzakhala bwanji? Anyamata tachuluka, ndipo tawuni yakula, kwabwera anthu ambiri ochokera kumidzi. Venâncio ali ndi chipani chake tsopano, ANAMOLA.

Chemwali wa ku yunivesite, Beira:
Zidzatengera ngati adzapeze munthu wa kuno amene anthu amamudziwa ndi kumukhulupirira. Chisankho cha munisipiyo si cha pa foni. Kuno ku Beira chipani cha MDM chakhala chikupambana chifukwa anthu anaona ntchito ya Daviz Simango, amene anali meya, pa ngalande ndi misewu, ngakhale iye anamwalira mu 2021. Ku Ulongwe anthu adzafunsa kuti ameneyu ndi mwana wa ndani, maliro amafika, anachitapo chiyani pa bairro pake. Otsutsa akadzabweretsa munthu wongotola, amalume a kumtunda adzapambananso, ndipo mwachilungamo.

Mayi a mbatatesi pa msika:
Ndipo aliyense wofuna voti yanga adzayambe wabwera pa msika nthawi ya mvula, adzaone pamene timakhazika matumba. Chimbudzi ndi madzi, ndizo ndidzafunse. Chitenje ndidzalandira, koma sichidzandiuza poponya.

Agogo a ku Domwe:
Ine zaka zapita, kaya 2029 ndidzaiona. Koma mdzukulu wanga amene akundilemberayu akwanitsa zaka 18 chaka chamawa ndipo akuti sadzalembetsa, akuti n'kutaya nthawi. Ndamuuza kuti alembe mawu akewo pano kuti mumuyankhe ndinu, ine wandikanika.

Amene adagwirapo pa meza:
Mdzukulu wa agogo, khadi la voti la kale siligwira ntchito, kalembera amachitika mwatsopano chisankho chikayandikira, ndipo ndi waulere. Ngakhale ulibe chitupa cha BI ukhoza kulembetsa ndi chikalata china chokhala ndi chithunzi chako, kapena ndi mboni ziwiri zolembetsa kale pamalopo. Khadi lomwelo anthu ambiri kumudzi amaligwiritsa ntchito ngati chitupa. Ukalembetsa, ngati mtima ukukukayikitsa za kawerengedwe, pita ku chipani chimene ukuchikonda ukapemphe kukhala nthumwi pa meza ya kwanu. Ukatenge chakudya, botolo la madzi, juzi ndi foni yodzaza moto, chifukwa ku Domwe usiku kumazizira ngakhale mu Okutobala.

Mkulu wa mpingo, woyang'anira gulu:
Kalembera akadzalengezedwa ndidzaika masiku ndi malo pano. Amene muli ndi njinga zamoto mudzathandize kunyamula okalamba a kumidzi yakutali, posayang'ana kuti adzaponyera ndani.

Mnyamata wa kabaza:
Agogo a ku Domwe ndidzawanyamula ndine, abambo. Petulo ndi wanga.